ZA MLENDO WA PA KRISIMASI, KUMENE ANACOKERA NDI UMO ANASINTHIRA ZOBVALA ZACE

Mau onenedwa pa cikondwerero ca Misyoni ya Domasi, kwa Malemia



Masiku ano a cikondwerero tamva mbiri ya iwo amene anayamba nchito pa malo ano, ndi ya masukulu ndi mipingo imene inaphuka pa tsinde limeneli. Ife tapatsidwa mutu wina, umene ena a inu mudzauyesa wacibwana: za nkhalamba ija ya ndebvu zoyera ndi malaya ofiira, imene Azungu aicha Father Christmas, ena Santa Claus. Tipempha mutilezere mtima, pakuti nkhaniyi igwera ana athu, ndipo cimene cigwera ana cigwera mpingo wa mawa.

Ana athu amuona munthuyu pa makalendala, pa mabotolo a zakumwa, pa mazenera a masitolo ku Zomba ndi ku Blantyre, pa kanema ndi m'matelefoni a akulu ao. Amva kuti iye ali ndi buku lolembamo maina, napatsa mphatso ana okoma, namana ana oipa. Tsono lingalirani mwana wa mai wamasiye, amene caka conse anatunga madzi, naweta mbuzi, nafika ku kalasi osaphonya tsiku. Auka m'mawa pa 25 Disembala, napeza pamphasa pace palibe kanthu. Koma mnzace wa m'nyumba ya malata, wodziwika ndi mwano, watuluka ndi nsapato zatsopano. Mwanayo sadziwa za mitengo ya zinthu. Adziwa cokhaco cimene anauzidwa, nadziweruza yekha kuti ali woipa. Akadza kwa mlaliki ndi funso lace, mlaliki adzayankha ciani?

Mwambo wathu uti mlendo akafika timyalire mphasa, timpatse madzi, ndipo pamenepo timfunse malonje. Mlendo uyu wakhala pakati pathu zaka zambiri osafunsidwa. Tiyeni timfunse lero kumene anacokera, njira imene anadzera, ndi katundu amene anataya pa njirapo.

I. Nicholas wa ku Myra

Ciyambi ca nkhaniyi ciri kwa munthu weni weni, wobadwa mwa mkazi monga ife, dzina lace Nicholas. Anabadwira ku Patara, mudzi wa pa gombe la nyanja ya Mediterranean m'dziko la Lycia, limene lero liri m'kati mwa Turkey; nakhala bishopu wa ku Myra, kumene tsopano kuchedwa Demre. Kwa inu owerenga Buku Lopatulika maina awa si acilendo, pakuti Paulo anapita pa Patara ndi pa Myra m'maulendo ace, monga mupeza m'Macitidwe mutu 21 ndi mutu 27. Nicholas anatumikira m'zaka zoyamba za m'ma 300, nyengo imene mfumu Diocletian inazunza Eklesia kuyambira 303, ndi mfumu Constantine inalola Akristu kupembedza poyera m'caka ca 313. Kwao ndi dziko la dzuwa, la mphesa, azitona ndi nkhuyu. Tsiku la kumwalira kwace likumbukidwa pa 6 Disembala.

Mbiri ya moyo wace inalembedwa patapita zaka mazana angapo iye atamwalira, ndipo isimba cotere. Panali munthu wina amene kale anali ndi cuma, nasauka. Ndipo anali nao ana akazi atatu. Mwambo wa dziko lija unasiyana ndi wathu. Kuno mkamwini adza kudzamanga kwa mkazi, nalima munda wa apongozi. Kumpoto kwa dziko lathu mwamuna apereka ng'ombe. Koma kumeneko atate wa namwali ndiye anayenera kuturutsa cuma kuti mwana wace akwatiwe. Popeza munthuyu analibe kanthu, panalibe mnyamata wakufunsira ana ace; ndipo umphawi utamkulira, anatsimikiza mtima kuwapereka ku cigololo ca malonda kuti m'nyumba mupezeke cakudya.

Nicholas, amene makolo ace anamsiyira cuma, anamva ici. Sanapita usana, kuti angacititse manyazi mwini nyumba pamaso pa anansi. Anamanga golidi m'nsaru, napita usiku, naponya pa zenera, nacoka. Mwana woyamba anakwatiwa. Anateronso kaciwiri, nakwatiwa waciwiri. Kacitatu atateyo anacezera maso. Pakumva kugwa kwa thumba anaturuka, nathamangira mthunzi umene unalinkuthawa, naugwira, nagwa pa mapazi ace. Ndipo Nicholas anamlamulira kuti asauze munthu ali yense.

Mbiri yomweyo isimbanso kuti caka ca njala ngalawa za tirigu zocokera ku Alexandria zinakoceza pa dooko la Myra, zirinkupita kwa mfumu ku Constantinople. Ndipo bishopu anadandaulira amarinyero kufikira anatsitsako tirigu, umene unakwanira kudya ndi kubzala komwe. Isimbanso za amuna atatu oweruzidwa kuphedwa popanda mlandu, ndi kuti iye anafika pa bwalo nagwira lupanga m'dzanja la wakupha.

Zindikirani zinthu zitatu, abale, pakuti nkhani yathu yonse yakhazikika pa izo monga mphika pa mafuwa. Wolandira anali munthu wa pa mphepete pa cionongeko. Mphatso inali ya muyeso wakuombola. Ndipo wopatsa anabisala, monga mwa ciphunzitso ca Ambuye ca pa Mateyu mutu 6.

II. Ulendo wace m'maiko a ku Ulaya

M'caka ca 1087 amarinyero a ku Bari, m'dziko la Italy, anatenga mafupa a Nicholas ku Myra napita nao kwao, nawamangira chalichi cacikuru cimene ciripo kufikira lero. Kuyambira pamenepo mbiri yace inawanda m'maiko a kumadzulo, ndipo anthu anamuyesa mtetezi wa ana ndi wa oyenda pa nyanja. Unabuka mwambo wakuti usiku wa 5 Disembala ana aike nsapato zao pafupi ndi moto, ndi m'mawa apezemo zipatso kapena zozuna.

Ku Holland amucha Sinterklaas, ndipo kumeneko afikabe ndi mwinjiro wofiira, cisoti cacitali ca bishopu, ndi ndodo ya mbusa m'dzanja, wokwera pa kavalo woyera. Koma m'maiko amenewo munalowa cinthu catsopano, ndico buku la maina ndi mkwapulo wa ana osamvera. Makolo anapeza kuti dzina la bishopu lithandiza kuopsa ana. Ndipo iye amene anapatsa osafunsa za makhalidwe a wolandira anasanduka woweruza wa tiana.

Pofika nyengo ya kukonzanso Eklesia, Martin Luther wa ku Germany sanakondwera kuti ana ayang'ane kwa woyera mtima, koma anafuna kuti maso ao akhale pa Kristu. Cotero m'nyumba zambiri za Aprotestanti tsiku la mphatso linasunthidwa kucoka pa 6 kunka ku usiku wa 24 Disembala, ndipo wopatsa anachedwa Christkind, ndiko kunena Kristu Mwana. Koma taonani umo zithunzi zisokerera. Popita zaka Christkind anayamba kujambulidwa ngati mtsikana wa tsitsi la golidi, wonga mngelo. Ku Nuremberg kuyambira 1969 asankha namwali wa m'mudzimo zaka ziwiri ziri zonse kuti akhale Christkind wa pa msika wao. Ndipo Ajeremani atasamukira ku America, dzinalo linapotoka m'kamwa mwa anansi ao nilikhala Kris Kringle, limene lero liri dzina lina la nkhalamba yofiira yomweyo. Dzina limene linaikidwa kuti lionetse Kristu linatsiriza ndi kumera ndebvu.

Ku England kunali winanso, Father Christmas, wosakhala mbale wa Nicholas konse. Iye anali fanizo la madyerero, nkhalamba yosekerera ya nkhata ya masamba pamutu, yoitana akulu ku nyama ndi zakumwa. Ana ndi mphatso sizinali nchito yace. Mlembi Ben Jonson anamuonetsa m'sewero m'caka ca 1616. M'caka ca 1647 Nyumba ya Malamulo inaletsa madyerero a Krisimasi, ndipo nkhalambayo inakhala cizindikiro ca iwo okana lamulolo, kufikira ufumu unabwezedwa m'caka ca 1660. Zithunzi zina za m'zaka za m'ma 1800 zimuonetsa m'mwinjiro wobiriwira.

Ku Scotland, kumene mpingo wathu unacokera, anaumitsa koposa. Atakonzanso Eklesia m'caka ca 1560, m'masiku a John Knox, atsogoleri anati Malembo salamulira kusunga tsiku la kubadwa kwa Ambuye. Ndipo m'caka ca 1640 Nyumba ya Malamulo ya kumeneko inathetsa cikondwereroco. Anthu anapita ku nchito pa 25 Disembala monga tsiku lina liri lonse, ndipo tsikulo linakhala la kupuma mwa lamulo m'caka ca 1958. Cimwemwe cao anacisungira usiku wa Caka Catsopano, umene aucha Hogmanay, pamene mlendo woyamba kulowa m'nyumba adza ndi khala la moto ndi mkate, zinthu zimene nyumba isowa nyengo ya cisanu.

III. Umo anabvekedwera ku America

Cithunzi cimene ana athu acidziwa cinasokedwa ku New York. Mudziwo unayamba ndi anthu a ku Holland, nauchula New Amsterdam, kufikira Angerezi anaulanda m'caka ca 1664. Mlembi Washington Irving, m'buku lace la nthabwala la mbiri ya mudziwo, limene linayamba kuturuka m'caka ca 1809, anasandutsa bishopu akhale nkhalamba ya ku Holland yosuta kaliwo. Dzina la Sinterklaas linamveka m'makutu a anthu a kumeneko ngati Santa Claus.

M'caka ca 1823 nyuzipepala ya ku Troy inasindikiza ndakatulo imene pambuyo pace inadziwika ndi dzina la Clement Clarke Moore, mphunzitsi wa pa sukulu ya abusa. M'menemo Nicholas ali kamunthu kakang'ono konenepa, kobvala ubweya wodetsedwa ndi mwaye, koyenda usiku wa 24 Disembala pa cilei, conga cija ng'ombe zikoka, koma cokokedwa ndi nyama zisanu ndi zitatu za ku maiko a cisanu, zonga mphalapala. Katsikira m'cumuni, nikadzaza masokosi a ana. Mwinjiro wa bishopu, ndodo ya mbusa ndi anamwali atatu aja, zonse zinatsala kutsidya kwa nyanja.

Pambuyo pace panadza mmisiri wa zithunzi, Thomas Nast, wobadwira ku Germany, amene anajambula Santa Claus m'nyuzipepala ya Harper's Weekly kuyambira 1863 kufikira 1886. Cithunzi cace coyamba cinaturuka pakati pa nkhondo ya pa ciweniweni, imene inathetsa ukapolo m'dzikomo, ndipo cionetsa Santa Claus alinkugawira mphatso asilikari a kumpoto. Nast anamkulitsa thupi, nampatsa nyumba ku nsonga ya kumpoto ya dziko lapansi, ndi malo opangiramo zidole, ndi buku lacikuru la maina. M'masiku omwewo Father Christmas wa ku England anatengera makhalidwe a mlendo wa ku America, ndipo awiriwo anasanduka munthu mmodzi wa maina awiri.

Otsiriza kumbveka anali amalonda. Kuyambira 1931 kufikira 1964 mmisiri Haddon Sundblom anajambulira kampani ya Coca-Cola nkhalamba ya msinkhu wa munthu, ya masaya ofiira, malaya ofiira a mphonje zoyera, ndi lamba wakuda. Ena anena kuti kampaniyo ndiyo inayamba malaya ofiira. Si cotero, pakuti analipo kale pa zithunzi zina. Koma ndiyo inafalitsa cithunzi cimodzico m'maiko onse kumene botolo lace linafika. M'caka ca 1939 sitolo ya Montgomery Ward ku Chicago inaonjeza nyama yacisanu ndi cinai, ya mphuno yofiira, dzina lace Rudolph, m'kabuku kogawira ogula. Ndipo ku Rovaniemi, m'dziko la Finland, anatsegula mudzi wa Santa Claus m'caka ca 1985, kumene alendo apita ndi ndege kukamuona.

IV. Katundu wotayika pa njira

Tsono tamva malonje ace. Tiyeni tiwerenge cimene catsala. Munthu wa dziko la dzuwa wabvala ubweya wa dziko la cipale cofewa. Cisoti ca bishopu casanduka kapusi. Thumba la golidi loombola anamwali lasanduka thumba la zidole. Iye amene anathawa usiku kuti asadziwike akhala tsopano pa mpando m'sitolo usana, najambulitsa ndi ana a iwo okhoza kulipira.

Kusintha zobvala si mlandu. Munthu wa pa ulendo abvala monga mwa nyengo ya dziko limene afikamo. Cimene tidandaula ndi ici, kuti mphatso yatembenuka njira. Ya Nicholas inatsikira kwa wosowa. Ya masiku ano ithamangira kumene kuli cuma kale, monga madzi a mvula athamangira ku mtsinje wodzala nasiya munda wa pa mtunda uli gwa. Ndipo pamwamba pace aikapo ciphunzitso cakuti wolandira ndiye wokoma, cimene citsutsana ndi Uthenga umene tilalikira, wa cisomo copatsidwa kwa osayenera.

Ena poona ici anapsa mtima. M'mwezi wa Disembala 1951, ku Dijon m'dziko la France, anthu a Eklesia anapacika fano la nkhalambayo pa khomo la chalichi cacikuru, nalitentha pamaso pa ana. Sikunathandiza kanthu, anthu a m'mudzimo anaikondanso koposa. Moto sucotsa cithunzi cimene ciri m'mtima mwa mwana.

Koma kuli citsanzo cina. M'caka ca 1850 mphunzitsi wa ku Amsterdam, Jan Schenkman, analemba kabuku ka ana koonetsa Sinterklaas ali ndi mnyamata wakuda womtumikira. Kucokera pamenepo unakula mwambo wa Zwarte Piet, wakuti Azungu adzipaka nkhope zakuda ndi milomo yofiira, nacita zopusa pamaso pa ana. Anthu akuda okhala m'dzikomo, pamodzi ndi abwenzi ao, anatsutsa ici zaka zambiri, nanyozedwa cifukwa ca kutsutsako. Koma m'caka ca 2019 cikondwerero cacikuru coonetsedwa pa kanema wa dziko lonse cinaleka nkhope zopakazo. Apa tiphunzira kuti zithunzi zipangidwa ndi anthu, ndipo anthu akhoza kuzikonza. Luther anakonza, Nast anakonza, amalonda anakonza. Nanga ife a kwa Malemia tiribe manja?

V. Wodza ndi mphatso wa kwathu kuno

Pamene Alexander Hetherwick anatsegula Misyoni ino m'caka ca 1884, m'dziko la mfumu Malemia, Nast anali cijambulire zithunzi zace ku New York, ndipo kwao kwa Hetherwick kunatsala zaka 74 kuti Krisimasi ikhale tsiku la kupuma. Katundu amene anakwera naye m'cigwa cino anali buku, sileti ndi mankhwala, ndi khutu lakumvera Ciyao, cimene anacilembera buku la malamulo ace m'caka ca 1889. Nkhalamba yofiira inadzera njira yina, ya masitolo, makalendala ndi nyumba za Azungu a boma ndi a minda.

Koma nkhani ya anamwali atatu makolo athu akadaimva msanga koposa ife. Iwo anakhala m'masiku amene munthu anagulidwa ndi nsaru ndi wonga, ndi amene njala inakakamiza banja kupereka mwana akhale cikole ca cakudya. M'caka ca 1895 nkhondo ya Kawinga wa ku Chikala inatsikira midzi ya Malemia, ndi Misyoni yomwe inali pangozi. Anthu otere sanasowa wowamasulira tanthauzo la thumba logwa pa zenera usiku. Anadziwa mtengo wa mwana, ndi kulemera kwa mau akuti kuombola.

M'zaka zotsatira dziko lathu linakhala naye wodza ndi mphatso wace wace. Msonkho ndi kusowa kwa nchito zinatumiza amuna athu ku Halale, ku Bulawayo, ndi ku migodi ya ku Johannesburg, kumene tinakuchula Joni, ambiri a iwo polembedwa ndi Wenela. Iye wobwerako anafika ndi bokosi la citsulo pamutu, muli bulangete, nsaru ya amai, malaya a ana, kapena galamafoni. Wina anakankha njinga yatsopano, ndi mudzi wonse unaturuka ndi nthungululu. Mphatsozo zinagulidwa ndi thukuta la pansi pa nthaka ndi cifuwa ca pfumbi la miyala. Ena sanabwera konse, nachedwa machona. Ena anafera pa njira, monga aja oposa 70 amene ndege yao inagwa ku Francistown, m'dziko la Botswana, pa 4 Epulo 1974, alinkubwerera kwao. Ndipo pa cifukwa cimeneco Dr. Banda analetsa Wenela kulemba anthu. Kufikira lero mabasi a mwezi wa Disembala adza olemedwa ndi katundu wa ana athu a ku South Africa, ndipo ena atumiza ndalama pa telefoni.

Ameneyu ndiye wodza ndi mphatso amene ife timdziwa, wa nkhope yakuda ndi manja a zikang'a. Mpunga ndi nkhuku za pa Krisimasi, ndi diresi latsopano la mwana, zicokera kwa iye, kapena kwa mai amene anagulitsa tomato pa Songani miyezi itatu. Kuyenera kuti ana adziwe ici, nayamike amene ayenera kuyamikidwa. Si cilungamo kuti thukuta likhale la mai, ndi ulemu upite kwa mlendo wa pa botolo.

Komatu mphatso ya wa ku Joni ilowa m'nyumba yace ya iye mwini. Nicholas anaponya pa zenera la mwini wace. Apa ndi pamene mpingo uli nayo nchito. Disembala wathu ndi mwezi wa mvula ndi khasu, wa kupalira ndi kubandira, wa ngumbi, bowa ndi mango. Cimanga ciri m'maondo, ndi nkhokwe zambiri zaonetsa pansi. Ndiyo nyengo imene wosauka asiya munda wace m'thengo kukagwira ganyu m'munda wa wina, nakolola njala ya caka ca mawa. Akulu akumbukira njala ya 1949, ambiri a ife tikumbukira ya 2002, ndi ana omwe akumbukira namondwe Freddy wa mwezi wa Malichi 2023. Ndipo m'nyengo zotere ndi mmene mtsikana aturutsidwa m'sukulu napatsidwa kwa mwamuna, kuti m'nyumba mucepe pakamwa pamodzi. M'caka ca 2017 Nyumba ya Malamulo inakonza malamulo akulu a dziko kuti munthu asakwatiwe asanafike zaka 18. Lamulolo ndi lokoma. Koma lamulo siliphika nsima. Anamwali atatu a ku Lycia ali pakati pathu, ndi maina ao alembedwa m'mabuku athu a kalasi.

VI. Cimene ticite

Kwa inu alaliki ndi aphunzitsi, amene ana adza kwa inu ndi mafunso, tiika mau asanu.

Loyamba, nenani zoona. Mwana akafunsa cifukwa cace nkhalambayo sinafika kwao, muuzeni poyera kuti mphatso zigulidwa ndi makolo ndi abale monga mwa kukhoza kwao, ndi kuti kusalandira si cizindikiro ca kuipa. Mau akuti wokoma alandira ndi woipa amanidwa asamveke m'kalasi mwathu, ngakhale mwa nthabwala.

Laciwiri, pa Sabata loyandikira 6 Disembala simbani mbiri ya Nicholas. Ife sitipemphera kwa iye. Timkumbukira monga tikumbukira Harry Matecheta ndi Stephen Kundecha, amene anadzozedwa ubusa m'caka ca 1911, oyamba a mtundu wathu m'Misyoni ya Blantyre: anthu amene anayenda njira patsogolo pathu, kuti ife tione poponda.

Lacitatu, mukakonza madyerero a ana pa chalichi, thumba likhale limodzi, losonkhedwa ndi mpingo wonse, ndi mwana ali yense alandire cofanana ndi mnzace. Kusakhale kuitana maina a ana okhawo amene makolo ao anatumiza kanthu. Ndipo sikufunika kuti mkulu wa mpingo abvale ubweya ndi ndebvu za thonje m'thukuta la Disembala. Adze ndi nkhope yace, imene ana aidziwa, pakuti adzaionanso mwezi wa Febuluwale pamene njala yafika pacimake.

Lacinai, bwezani usiku ndi zenera. Akulu a mpingo ndi amai a Mvano adziwa nyumba imene moto sunayaka masiku awiri, ndi mtsikana amene waleka sukulu cifukwa ca yunifolomu, makope ndi sopo. Pitani madzulo, awiri okha. Ikani thumba la ufa kapena la mbeu pa khonde, nimucoke. Masiku ano lipenga la wopatsa liri m'thumba la malaya, ndilo telefoni yojambula. Wosauka alandira ufa ndi dzanja limodzi, nabisa nkhope ndi linzace. Musamgulitse ufa ndi manyazi ace.

Lacisanu, musafunse cipembedzo ca wolandira. M'cigwa cino tikhala pamodzi ndi abale athu Asilamu, timwa citsime cimodzi, tiikana maliro. Njala siwerenga buku la mpingo. Makolo anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Anatinso kupatsa nkuika.

Abale, mlendo wathu wayenda zaka zoposa 1,600, nabvala mwinjiro ku Myra, ubweya ku New York, ndi malaya a amalonda m'dziko lonse. Sitimpitikitsa, ndipo sitimtentha. Timuuza monga tiuza mlendo ali yense amene wakhalitsa pamudzi, kuti nthawi yafika yakugwira khasu pamodzi ndi eni mudzi. Ngati m'Disembala alinkudzayu mtsikana mmodzi wa kwa Malemia akhalabe pa sukulu cifukwa ca thumba limene sadziwa mwini wace, pamenepo Nicholas wafika ku Domasi, ndipo Iye amene anagonekedwa modyera ng'ombe walemekezedwa koposa ndi nyimbo zathu zonse.

Mau athu athera pompa. Mulungu asunge inu nonse, ndi ana anu, ndi minda yanu.